Chonde, 86 isiyeni ikhale 86

Ikangomveka mphekesera yoti Toyota ikukonza GR86 yatsopano, ija galimoto yake yaing'ono yamasewera ya zitseko ziwiri imene timangoitchula kuti 86, ife okonda magalimoto timabalalika ngati njuchi zogendedwa mwala. Aliyense ndi zofuna zake. Uyu akuti aikemo turbo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini kuti ikhale yamphamvu. Uyo akuti ma horsepower, muyeso wa mphamvu ya injini, afike 300. Wina akufuna ipepuke ndi makilogalamu 100, mnzake akufuna mipando yachikopa ndi sikirini yaikulu ngati TV. Kenako onsewa amagwirizana pa chinthu chimodzi: mtengo usakwere ngakhale pang'ono. Ndakhala ndikungowerenga osayankha, koma lero nanenso ndilankhulepo, ngakhale ndikudziwa kuti ena mundikwiyira.

Abale anga, imene mukupemphayo ndi galimoto ina. Si 86.

Tikumbutsane kumene tinachokera. Mu 2012 Toyota ndi Subaru anatulutsa mapasa, Toyota 86 ndi Subaru BRZ, onse obadwira m'fakitale ya Subaru ku Gunma, ku Japan. Injini inali ya malita 2.0, ya mtundu wa boxer, ija mapisitoni ake amagona cham'mbali m'malo moimirira, ndipo inkatulutsa mphamvu pafupifupi ma horsepower 200. Mphamvuyo inkapita kumatayala akumbuyo. Galimoto yonse inkalemera makilogalamu pafupifupi 1,250. Dzinalo analitenga ku AE86, Corolla yakale ya pakati pa 1983 ndi 1987, imenenso sinali yamphamvu konse. Koma chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi ichi: injiniya wamkulu wa ntchitoyi, Tetsuya Tada, ndi anzake anaiveka matayala opyapyala a Michelin Primacy, mtundu womwewo unkapezekanso pa Prius zina, magalimoto a Toyota odziwika ndi kusamala mafuta, osati kuthamanga. Prius! Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Komatu anachita dala. Ankafuna kuti matayala azitha kutaya nthaka pa liwiro laling'ono, kuti munthu wamba amve galimoto ikuvina popanda kuika moyo pachiswe.

Ine ndinazimvetsa tsiku limene mnzanga anandibwereka yake, ya m'badwo woyamba uja, pa bwalo la mpikisano tsiku lolola anthu wamba. Kunali kutawaza mvula. Kulowa mkati, mpando uli pansi zedi, umakhala ngati wakhala pa phula penipeni. Ndodo ya magiya ndi yaifupi, ukaikankha imalowa ndi kaphokoso koti kwe, mpaka umafuna kusintha giya ngakhale palibe chifukwa. Nditafika pa kona ina yothina ndili mu giya yachiwiri, ndinaponda mafuta msanga pang'ono. Kumbuyo kunayamba kuthawa, osati mwadzidzidzi, koma pang'onopang'ono ngati kukundifunsa kaye ngati ndakonzeka. Ndinakumva m'chiuno manja asanachite kanthu. Ndinabweza chiwongolero, galimoto n'kuwongoka. Poyang'ana pa geji, liwiro linali loti ngakhale agogo sangadandaule nalo. Ndinatuluka ndikuseka ndekha ngati mwana. Magalimoto amphamvu kuposa iyi ndinayendetsapo, koma palibe inandiseketsa chonchi.

Sindikunena kuti inalibe chilema. Chinalipo, ndipo aliyense amene anaiyendetsapo amachidziwa. Injini ikafika cha m'ma 4,000 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi), mphamvu inkagwa ngati waponda m'dzenje, kenako n'kudzadzukanso kumtunda. Ukafuna kupitirira lole pa chitunda, pamenepo ndi pomwe inkakuchititsa manyazi. Kwa zaka pafupifupi khumi anthu anafuula kuti mankhwala ake ndi turbo.

Ndiye 2021 inafika, GR86, m'badwo wachiwiri wa 86, n'kutuluka, turbo mulibe. Anangokulitsa mabowo a mapisitoni kuchoka pa mamilimita 86 kufika 94, injini n'kukhala ya malita 2.4. Ku Japan amati ma horsepower 235, ku America 228, kusiyana kwa kawerengedwe. Mphamvu yokoka inakwera kuchoka pa 205 Nm kufika 250 Nm, ndipo chachikulu n'chakuti yonseyo imabwera pa 3,700 rpm, pamalo pomwe kale panali dzenje paja, osati kudikira mpaka kupitirira 6,000. Toyota inati kuchoka poima kufika makilomita 100 pa ola kunatsika kuchoka pa masekondi 7.4 kufika 6.3. Denga analipanga la aluminiyamu kuti kulemera kusathawe. Kunena zoona, anachiritsa pomwe pankapweteka osadula mwendo wonse. Koma mukuganiza kuti phokoso linatha? Sabata yomweyo anthu anali atayambanso: turbo ili kuti?

Tiyeni tiiwerengere turbo imeneyi, chifukwa ambiri amaiona ngati kachitsulo kongomangirira pambali. Turbo imatenthetsa mpweya, ndiye pafunika intercooler yoziziritsira mpweyawo ndi mapaipi ake. Injini imatentha kwambiri, ndiye radiator ikule. Mphamvu yokoka ikachuluka, kilatchi yakale siipirira, giyabokosi nayo iyenera kulimba, kumbuyo ku difu, yogawira mphamvu kumatayala, chimodzimodzi. Galimoto yothamanga kwambiri ikufuna mabuleki aakulu, mabuleki aakulu akufuna malimu aakulu, ndipo kuti mphamvu yonseyo ifike pansi pakufunika matayala otambalala. Chilichonse mwa izi ndi makilogalamu, ambiri mwa iwo ali kutsogolo kumene sitikuwafuna, ndipo chilichonse ndi ndalama. Mukamaliza kuwonkhetsa, mwapanga galimoto yolemera, yodula, yogwira msewu ngati yamatidwa ndi ulimbo, yoti kuti muimve ikuvina muyenera kuthamanga liwiro lokakutsekeretsani m'chitokosi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Komanso Toyota inaika kale Supra, galimoto yake yamasewera yamphamvu ndi yodula, pamwamba pa 86. Ndi wamalonda uti angalole katundu wake wotchipa kuphetsa msika wa wodula?

Apa ndivomere kuti okonda turbo sakungolota. Mu 2022 Toyota inayamba kuthamangitsa GR86 yoyesera m'mpikisano wa Super Taikyu ku Japan, ili ndi injini ya masilinda atatu ya turbo, mbale wake wa ija ili mu GR Yaris ndi GR Corolla. Injini imeneyo ndi yaing'ono ndipo ndi yaukali. Nkhawa yanga ndi yoti imaimirira, pamene boxer imagona. Kugona kwa boxer n'kumene kumalola boneti kutsika ndi kulemera kwa galimoto kukhala pafupi ndi nthaka. Akaimika injini, chinachake chiyenera kukwera. Ngati mainjiniya angathe kuiika popanda kunenepetsa galimoto, ndidzaivulira chipewa. Koma ndidzayamba ndaona sikelo.

Ndivomerenso kuti kufuula nthawi zina kumathandiza. Supra inabwera mu 2019 ya automatic yokha, anthu analira, mu 2022 Toyota n'kuwonjezera ya manual. Koma kawirikawiri kufuula kwathu kumangotsata nambala. Subaru WRX ya 2022 itatuluka, mphamvu zake ku America zinangokwera kuchoka pa 268 kufika 271, ndipo anthu anaiweruza asanaikhudze n'komwe, ena chifukwa cha nambalayo, ena chifukwa cha mapulasitiki akuda ozungulira matayala. Pamene Mazda, mwakachetechete, mu 2015 inatulutsa MX-5 yopepuka kuposa imene inkalowedwa m'malo, yolemera cha m'ma kilogalamu 1,000, yaifupi kuposa ngakhale yoyamba ija ya 1989. Kupanga galimoto yatsopano kukhala yopepuka kuposa yakale n'kovuta kuposa kuwonjezera ma horsepower 50, kungoti pa chithunzi sikuoneka.

Ndipo pali nkhani ina imene sitikonda kuimva. Ambiri mwa ife ofuulafe sitigula galimoto yatsopano. Inenso ndili m'gulu lomwelo. Timadikira wina aigule, aiyendetse zaka zisanu, mtengo ugwe, ndiye tibwere. Kampani siwerengera ifeyo. Imawerengera amene wasaina lero, ndipo magalimoto a zitseko ziwiri ogula ake ndi ochepa. N'chifukwa chake Toyota ndi Subaru anachita kusonkherana kuti ntchitoyi itheke. Pamwamba pa apo pali malamulo. Ku Ulaya GR86 inangogulitsidwa zaka ziwiri zokha chifukwa sinkakwanitsa malamulo atsopano a chitetezo, ndipo ku Britain zonse zimene anawagawira zinatha m'mphindi 90 mu 2022. Pamene ife tikukanganirana turbo, funso lenileni m'maofesi mwawo n'loti galimoto yotereyi ipitirire kukhalapo kapena ayi.

Ndiye inu mukufuna chiyani, mungandifunse. Zanga n'zazing'ono. Ikhalebe ya manual, mapedulo atatu. Handibuleki ikhale yokoka ndi dzanja, osati kabatani. Zoziziritsira mkati zikhale ndi mabatani ogwirika, chifukwa munthu ali pakati pa kona sangamafufuze pa sikirini. Yotchipa kwambiri ija aisiyire matayala opyapyala monga anachitira pa GR86, amene akufuna otambalala alipire yapamwamba. Mipando yakumbuyo, yomwe tonse tikudziwa kuti munthu wamkulu sangakhalemo, izipindikabe kuti matayala anayi azilowa popita ku bwalo. Ndipo phokoso lija amalitulutsira m'masipika kuti injini imveke yaukali, alichotse, ndalama yakeyo aiike pa kuziziritsa oyilo. Ndikhoza kupirira injini yosaimba bwino, koma yonamizira ayi.

Tsiku limene adzaivundukule nsalu, ndikudziwa kuti nonse mudzathamangira pa mzere wa ma horsepower. Ine ndidzatsikira m'munsi mwa pepalalo, pamene amalemba kulemera ndi tizilembo ting'onoting'ono. Ikadzapitirira makilogalamu 1,300, ndidzamuimbira mnzanga uja kumufunsa ngati yakale ija akuigulitsa.