Inu ophwanya maswiti pafoni, tamverani kuno

Ndakhala ndikungoyang'ana osanena kanthu, koma zomwe ndinaona pamaliro sabata yathayi zanditsegula pakamwa. Galu wamkota sakandira pachabe, ndiye ndiloleni ndikande, wokwiya akwiye.

Unali usiku, amayi ali m'nyumba ya siwa kuimba, ife abambo tili panja kuotha moto. Nyimbo itatha, mkulu wa mpingo anaimirira kuti apemphere. Tonse tinavula zipewa, kunja kuli zii. Pakati pa pempherolo tinangomva timabelu ngelengele, kenaka mawu a chizungu a mwamuna akuti “Delicious!” Nditatsegula diso limodzi ndinaona mnyamata wa ndevu zake, mwana wa mlongo wawo wa malemuwo, nkhope ili mbee ndi kuwala kwa foni. Sanadzidzimuke n'komwe. Anangotsitsa voliyumu ndi chala n'kupitiriza. Titanena amen ndinamukodola n'kumuuza kuti, “Iwe, zimitsa chinthucho.” Yankho lake ndi limene landilembetsa zonsezi: “Pepani agogo, ndangotsala ndi mamuvu awiri.” Amalume ake ali gone m'bokosi, iye akuwerenga mamuvu.

Musanayambe kundinena kuti nkhalamba zimadana ndi chilichonse chatsopano, ndiulule: nanenso ndimasewera. Foni ndili nayo, anandigulira mwana wanga wamkazi amene ali ku Johannesburg, ndipo mdzukulu wanga anandiikiramo gemu ya maswiti yomweyo, yotchedwa Candy Crush. Magemu otere sindinawayambe lero ayi. Kompyuta itafika koyamba mu ofesi yathu, tonse tinkalimbirana Solitaire, ya makhadi ija. Kampani ya Microsoft inaiika mu Windows mu 1990 kuti anthu azolowere kugwira mausi, kukoka chinthu ndi kuchisiya pamalo. Ife tinazolowera mausi mlungu umodzi, koma makhadiwo tinawasewera zaka. Kenaka kunabwera kanjoka ka pa Nokia 3310 kaja, kamene kankatalika kakadya mpaka kudziluma mchira. Ndiye kukoma kwake ndikukudziwa. Ukalumikiza maswiti asanu pamzere n'kutuluka kampira ka chokoleti kaja, n'kukaphatikiza ndi switi ya mizeremizere, sikirini yonse n'kuphulika, mtima umachita kuti myaa ngati wamwa thobwa lozizira mu Okutobala. Uli pamzere kubanki, uli m'basi ya ku Mzuzu, tulo takuthawa pakati pa usiku, kagemu kaja kamakusungadi. Sindikutsutsa.

Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ine ndinagwa ndi nyemba. Mayi a kunyumba anapita ku Mvano n'kundisiyira mphika pambaula, akuti ndizingothiramo madzi. Ndinati ndingomaliza levulo imodzi. Chondidzutsa chinali mwana wa aneba akukuwa kumpanda kuti, “Agogo, kukununkha!” Nyemba zinali makala, mphika wakuda bii, ndipo levuloyo sindinaidutse. Tsiku limenelo tinadyera nsima masamba a nkhwani opanda ndi tomato yemwe, ndipo zomwe ndinauzidwa sindingazilembe pano. Usiku nditatseka maso ndinkaona maswiti akutsika kuchokera kumalata. Zoterezi anthu anayamba kuzidandaula kalekale ndi Tetris, gemu ya timiyala togwa imene Alexey Pajitnov anapanga ku Moscow mu 1984: munthu akaisewera nthawi yaitali amayamba kuona timiyalato ngakhale m'tulo.

Zitandichitikira ndinadzifunsa funso limene ndikufuna nanunso mudzifunse. Gemuyi ndi yaulere. Nanga eni ake amadya chiyani?

Candy Crush inatuluka mu 2012, inayambira pa Facebook kenaka n'kulowa m'mafoni. Inapangidwa ndi kampani ya King imene inayambira ku Sweden. Mu 2016 kampani ya Activision Blizzard inagula King pa madola 5.9 biliyoni, ndipo mu 2023 Microsoft inameza Activision Blizzard yonseyo pa madola pafupifupi 69 biliyoni. Chaka chomwecho eni ake analengeza kuti gemu ya maswitiyi yokha yalowetsa madola opitirira 20 biliyoni chiyambireni. Yesani kuwasintha kukhala makwacha, kakyuleta ya pafoni panu ichita chizungulire. Ndalama zonsezo zatuluka m'matumba a anthu amene ankati akusewera zaulere. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Msamphawo anautchera mwaluso, ndipo ndikufotokozereni momwe ndinauonera ndili m'katimo. Malevulo oyamba ndi ofewa ngati phala la mwana. Ukungopambana, mawu aja akungokuyamikira, iwe n'kumadziona ngati katswiri. Ukazolowera, umafika pakhoma. Uli ndi miyoyo isanu. Ukalephera umataya umodzi, ndipo kuti ubwerere pamafunika mphindi 30. Yonse isanu ikatha, ndiye kuti maola awiri ndi theka kuti idzadzenso. Tsono taonani polepherapo: kawirikawiri sulephera uli kutali. Umalephera katsala kajele kamodzi pakona, kamene ukukaona ndi maso ako kuti muvu imodzi yokha kakanaphwanyika. Pomwepo, mtima uli phaphapha, pamatuluka kabokosi kokufunsa mwaulemu ngati ungafune mamuvu ena asanu, pamtengo wochepa chabe. Ukakana, magemu ambiri amakupatsa njira ina: onera kanema wa malonda. Ukakananso, pempha moyo kwa anzako a pa Facebook, kuti nawonso uwakokere m'dzenje lomwelo. Ena a inu mwanditumizirapo mapempho otere pakati pa usiku, anthu amene simunandifunsepo n'kamodzi komwe kuti mwendo wanga uli bwanji.

Katswiri wina wa ku America wa maphunziro a khalidwe, B. F. Skinner, ankaika nkhunda m'bokosi momwe zinkajompha kabatani kuti chakudya chigwe. Anapeza kuti nkhunda imene sikudziwa kuti chakudya chigwa pa kujompha kwachingati ndiyo imajompha kwambiri ndipo imachedwa kusiya. Nzeru yomweyo ndi imene ili m'makina a juga. M'magemu athuwa maswiti atsopano amagwa mwamwayi. Levulo imene yakukanika kakhumi imatha kudutsika kakhumi ndi chimodzi osati chifukwa wachenjera, koma chifukwa agwa bwino. Ndiye umangoti kamodzi kokha, kamodzi kokha, tambala n'kulira.

Ife tinakulira pa bawo. Nayonso imadya nthawi, amayi athu ankaidandaula, ndipo alipo amuna amene minda yawo inamera tchire chifukwa cha maenje 32 aja. Koma bawo ili ndi mnzako amene amatopa, amamva njala, amaitanidwa kunyumba. Dzuwa likalowa njere sizioneka, masewera atha. Ilinso ndi malo ake, pansi pa mtengo wa mango. Palibe amene ananyamulapo thabwa la bawo kupita nalo kumanda kapena m'tchalitchi. Chinthu chili m'thumba mwanuchi sichitopa, chili ndi nyale yakeyake, ndipo chilibe mathero. Tetris ya pa Nintendo inatuluka mu 1989, ndipo munthu woyamba kuifikitsa poti makina akanike kupitiriza anali mnyamata wa zaka 13 wa ku Oklahoma, Willis Gibson, mu Disembala 2023. Ya maswitiyi ndiye musayese n'komwe: malevulo anapitirira kale 15,000, ndipo amawonjezera ena sabata ndi sabata. Amene mukuti mudzasiya mukaimaliza, mudzaimalizira kumanda. Werengerani nokha: maola awiri patsiku ndi maola 730 pachaka, omwe ndi masiku 30 athunthu, usana ndi usiku. Mwezi wathunthu. Munthu yemweyo ukamufunsa chifukwa chake sanapite kukazonda mayi ake kumudzi, akuti nthawi ikusowa.

Nthawi yanu ndi yanu, muitaye umo mufunira. Chimene chikundiwawa ine ndi pamene maso anu akudikiridwa ndi munthu wina. Ndinaona mayi wachitsikana atakhala pakhonde, mwana wokwawa akulunjika pambaula pali madzi owira, iye mutu uli pansi, chala chikungopalasa. Anamunyamula mwanayo ndi mayi wina wodutsa m'njira. Iwe mwana wanga, chilonda cha moto sichibwerera pakatha mphindi 30 ngati moyo wa mu gemu. Ndinaimapo pa ofesi ina, sinditchula, ndi anthu okalamba anzanga amene anadzuka m'bandakucha ndi kulipira minibasi, kalaliki ali kuseri kwa galasi nkhope yaikidwa mwaulemu ngati akuwerengera za boma, pamene kuwala kwa maswiti kukuonekera m'magalasi ake a m'maso. Alonda, mwalembedwa ntchito kuti muziyang'ana mumdima, ndipo diso limene lakhala pa sikirini yowala likatembenukira kumdima limayamba laona chimbuuzi. Inu odikirira odwala kuchipatala, diripu imatha mwakachetechete, siiliza timabelu. Ndipo inu amene mumadumpha msewu wa M1 mutu uli pafoni, a kabaza a njinga zamoto masiku ano mukuwadziwa mmene amathamangira.

Palinso kuchenjera kopusa kumene ana aphunzitsana. Miyoyo ikatha, amapita kukasintha wotchi ya foni, kuikankhira kutsogolo kuti gemu iganize kuti maola adutsa. Mdzukulu wanga anachita zimenezi pa foni yanga n'kuiwala kubwezera. Alamu imene imandikumbutsa mankhwala a BP inalira nthawi yolakwika masiku awiri ndisanazindikire chachitika. Makolo, mukabwereketsa foni kwa mwana, ikabwerera yang'anani tsiku ndi nthawi.

Pa ana pomwepa ndiwonjezere. Amene munalumikiza khadi la kubanki ku foni, dziwani kuti mwana sasiyanitsa golide wa mu gemu ndi ndalama ya fizi. Iye amangodina pomwe pakuwala. Ku America nkhaniyi inafika patali moti mu 2014 bungwe la boma loteteza ogula linachititsa Apple kuvomera kubweza madola osachepera 32.5 miliyoni kwa makolo amene ana awo anagula zinthu m'magemu popanda chilolezo, ndipo Google inavomera kubweza osachepera 19 miliyoni. Amenewo anali ndi owamenyera nkhondo. Inu muli ku Ndirande kapena ku Chipata mudzayambira pati? Ikani pasiwedi pa zogulagula lero lomwe, ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Amene mulibe khadi musaseke, inu mumalipira ndi bandulo. Kanema aliyense wa malonda amene mwaonera kuti mupeze muvu yaulere wadya data yanu, ndipo mwezi usanafike pakati mumayamba kutukwana kampani ya foni kuti ikuba. Batire nalo limatha. Magetsi akazima, foni imene ikanaitana galimoto usiku mayi woyembekezera atayamba kumva m'mimba ili gone chifukwa cha maswiti.

Malondawo nawonso ambiri ndi abodza. Mumaona kanema wa munthu ali m'madzi kapena pafupi ndi moto, akuti kokani kachitsulo koyenera mumupulumutse. Mukaitsitsa mupeza ndi gemu ina ya kulumikiza zinthu zitatu basi. Ku Britain, mu 2020, bungwe loyang'anira malonda linaletsa malonda otere a magemu a Homescapes ndi Gardenscapes chifukwa sankaonetsa gemu yeniyeni. Choopsa kuposa apa ndi magemu otumizirana pa WhatsApp kapena otengedwa kwa anyamata oika nyimbo kumsika, amene amati ali ndi miyoyo yosatha. Gemu ya maswiti ikamapempha chilolezo chowerenga mauthenga anu ndi manambala a anzanu, dzifunseni kuti ikuwafuniranji, pamene mu foni momwemo ndi momwe mumadutsa mauthenga a ndalama zanu. Safunsa anadya phula.

Sindikunena kuti aliyense wosewera ndi wodwala. Ngakhale bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, limene mu 2019 linavomereza vuto la magemu kukhala m'gulu la matenda, linanena kuti ndi anthu ochepa amene amafika pamenepo. Zizindikiro zake ndi zitatu: munthu sathanso kudziletsa, gemu imakhala patsogolo pa zina zonse, ndipo amapitiriza ngakhale akuona kuti zinthu zikuwonongeka, kwa miyezi ngati 12. Koma mphika wanga sunadikire miyezi 12, ndipo mwana uja wa pambaula ankafunika masekondi asanu okha.

Kwathu tsopano zili chonchi. Nsima ikafika pamphasa, mafoni onse amalowa m'lichero pamwamba pa kabati, yanga yomwe. Timauthenga ta gemu tokuitana kuti miyoyo yadzadza ndinatitseka, chifukwa sindingamaitanidwe ndi switi ngati mwana. Miyoyo isanu ikatha ndimaika foni pansi, sindigula, sindipempha, sindionera malonda. Pamoto pakakhala mphika, foni ili kuchipinda. Ndipo ndanena kale kwa a mfumu ndi akuluakulu a mpingo kuti pamaliro a m'mudzi muno ndikadzamvanso timabelu tija, foniyo ndidzailanda ndi manja angawa n'kukaipereka kwa adzukulu aisunge mpaka titabwerako kumanda, mwini wake akaiwombole ndi nkhuku. Mnyamata uja anabwera dzana kudzapepesa, atatumidwa ndi mayi ake. Ndamukhululukira. Pochoka anandifunsa kuti ndili levulo yanji, ndinamuuza kuti 412, ndipo ndikhala pomwepo mpaka chimanga chilowe m'nkhokwe.