Bambo a Tadala ndi mtengo wa pambendera

Mukuwadziwa anthu aja opita kunja masiku 9 okha, kuwekishopu, pobwera n'kumati "kwathu ku Canada".

MAYI: Bambo a Tadala, dzuwa lamasana likumalowa mpaka pasinki. Ndapempha mbande za magalagadeya kwa aneba. Mungondimangira waya kuseri kwa khitchiniku, aziyanga.

BAMBO: Aziyanga?

MAYI: Ee, aziyanga. Tipeze mthunzi, tipezenso zipatso.

BAMBO: Pakhomo panga pano sipadzalidwa chinthu choyanga. Chomera chosatha kuima chokha, chongotsamira pa zinthu za eni, n'chimodzimodzi achimwene anu aja anabwera kudzagona masiku awiri mu 2019.

MAYI: Achimwene anga alowamo bwanji m'nkhani ya magalagadeya?

BAMBO: Mmene analowera m'chipinda cha alendo. Ife tidzala maple.

MAYI: Mapulani ake atinso?

BAMBO: Sindinati mapulani. Maple. Mtengo uli pambendera ya Canada, tsamba lofiira lija. Analiikapo mu 1965. Tandiuzani, magalagadeya anuwo ali pambendera ya dziko liti?

MAYI: Pambendera yathu pali dzuwa. Ndi lomwelo ndikufuna kulitchinga.

BAMBO: Vuto lanu simunayende. Ine ku Toronto mu Okutobala ndinaona ndi maso angawa. Msewu wonse psuu, wina chikasu, mpaka ndinavula magalasi.

MAYI: Masamba ofiira ali ku Dzalanyama konkuno. Pitani mu Seputembala mitengo ya tsamba ndi mombo ikamaphukira, mukavulenso magalasiwo. Safuna viza.

BAMBO: Kufiira kwa ku Dzalanyama n'kwa kumudzi.

MAYI: Chabwino. Umabala chiyani mtengo wanuwo?

BAMBO: Kubala?

MAYI: Zipatso. Zoti mwana athyole, aike m'kamwa.

BAMBO: Inu chilichonse m'kamwa, chilichonse m'kamwa. Mtengo umenewu subala, umakha. Amaboola thunthu, n'kulowetsa kampopi, madzi amadontha. Akawiritsa umakhala uchi wothira pa mapankeke. Chigawo cha Quebec chokha chimatulutsa pafupifupi malita 70 pa malita 100 aliwonse a uchi umenewu padziko lonse.

MAYI: Ndiye ife tiyamba kuboola liti?

BAMBO: Ukakula.

MAYI: Umakula liti?

BAMBO: Zaka ngati 40.

MAYI: Inu muli ndi zingati?

BAMBO: Zimenezo n'zapadera.

MAYI: 52. Mudzakhala ndi 92. Pankekeyo tidzachita kukuviikirani m'tiyi. Magalagadeya anga chaka sichitha, tiyamba kutola pansi.

BAMBO: Nanga samafa? Zaka zinayi, zisanu, auma. Maple amakhala zaka 200 ndi kupitirira.

MAYI: Akauma ndimadzala ena, njere zake zili m'chipatso momwemo. Tsono uchiwo, lita imodzi imafuna madzi ochuluka bwanji?

BAMBO: Malita 40.

MAYI: Ndowa ziwiri zodzadza, kuziwiritsa mpaka zitsale botolo limodzi. Pambaula iti? Makala ake agula ndani? Nyemba zokha mumadandaula kuti zikutha makala.

BAMBO: Ku Canada sadandaula za makala.

(Apa Tadala wa Fomu 2 anatulukira ndi foni m'manja, osadziwa kuti akuponda pamoto.)

TADALA: Adadi, akuti madziwo amatuluka pokhapokha usiku kukazizira mpaka madzi kuundana, masana n'kusungunuka. N'chifukwa chake amakolola cha mu Malichi, chisanu chikamatha.

MAYI: Eya. Ku Area 25 kuno madzi anaundanapo liti? Mufiliji momwe saundana, magetsi ake awa.

BAMBO: Mu Juni kumazizira.

MAYI: Kuzizira kwa juzi.

BAMBO: Ku Dedza kumazizira. Ku Nyika udzu umachita kuyera ndi chisanu.

MAYI: Ndiye mtengowo tizikwera nawo basi chaka chilichonse?

TADALA: Komanso adadi, nyengo kuno n'zotembenuka. Kwawoko Okutobala ndi polowera kozizira, kuno ndi potentha penipeni. Mtengowo usokonezeka.

BAMBO: Iwe unapitako?

TADALA: Ayi.

BAMBO: Unakwerapo ndege?

TADALA: Ayi, koma jogalafe...

BAMBO: Kasambe.

MAYI: Masambawo akafiira amatani?

BAMBO: Amayoyoka.

MAYI: Angati?

BAMBO: Onse. Mtengo umatsala mbulanda mpaka nyengo itasintha. N'zokongola kwambiri.

MAYI: Ndiye ndikhale ndi mtengo wosabala, wosapereka mthunzi theka la chaka, ntchito yake kundipatsa tsache.

BAMBO: Kumeneko amauluza ndi makina.

MAYI: Kuno makinawo ndi ine.

Bambo anangopisa m'thumba la jekete ija anagula pabwalo la ndege, yomwe amavala ngakhale mu Novembala. Anatulutsa tinthu touma tokhala ndi mapiko.

BAMBO: Mbewu ndi iyi. Inangogwera yokha m'thumba. Taonani ndikaiponya m'mwamba, ikuzungulira ngati helikopita. Njere ya magalagadeya ingauluke?

MAYI: Sikufuna kuuluka, ilibe wekishopu.

BAMBO: Izi zikhala mufiliji miyezi itatu kuti ziziyesa kuti kunja kuli chisanu. Zikatero ndi pomwe zimamera. Munthu asakhudze.

Patatha masabata awiri.

BAMBO: Nabanda! Mufiliji munali kambale kotsekera. Kali kuti?

NABANDA: Kamene munali mapiko a ngumbi kaja, bwana?

BAMBO: Mapiko a chiyani?

NABANDA: A ngumbi. Ndinaona kuti ngumbizo ana anadya kale, atsala mapiko okha, ndiye ndinakhuthulira nkhuku.

BAMBO: Nkhuku zadya Canada?

NABANDA: Sizinadye bwana, zinangofwenyafwenya n'kuchoka.

MAYI: Mwaona? Ndi nkhuku zomwe zakana.

Munthu wina akanasiyira pomwepa. Koma awa ndi Bambo a Tadala. Loweruka anabwera ndi kambande m'chubu, akuti agula kwa mnyamata wogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu.

MAYI: Mwagula zingati?

BAMBO: K15,000. Anayamba ndi 25, koma ataona kuti ndine munthu woudziwa mtengowu, anatsitsa.

MAYI: Anakuuzani yekha kuti ndi maple?

BAMBO: Ndinamuonetsa chithunzi cha mbendera. Anati ndidikire pang'ono, anathamangira kuseri kudambo, n'kubwera nawo.

MAYI: Kudambo.

BAMBO: Ndi komwe amasungira zodula.

MAYI: Tsamba limeneli ine ndikulidziwa.

BAMBO: Mukulidziwira pambendera.

Mtengo unakula ngati ukuthamangitsidwa. Miyezi isanu, wapitirira zenera. Bambo m'mawa uliwonse amaima pambali pake ndi kapu ya tiyi, kudikira aneba adutse.

BAMBO: Mayi a Tadala, munkati zaka 40. Bwerani mudzaone. Nthaka ya ku Malawi ndi yachonde, aku Canada akungovutika ndi chisanu chawocho.

Tsiku lomwelo kunafika mayi awo a bambowa kuchokera ku Mitundu, thumba la mtedza pamutu.

AGOGO: Koma mwanawe wayamba nzeru. Wadzala nsatsi pakhomo!

BAMBO: Amayi, ameneyu ndi maple.

AGOGO: Kaya pachizungu mumati chiyani. Ife tinkakazinga njere zake, n'kusinja, n'kuwiritsa, mafuta n'kuyandama pamwamba. Iweyo uli khanda ndinkakudzoza omwewa. Koma ana asatafune njerezo, ndi poizoni.

BAMBO: Amayi, mtengo uwu ndagula K15,000.

AGOGO: Nsatsi?

BAMBO: Maple.

AGOGO: Kuseri kwa khola la mbuzi kwathu zadzadza, tikuchita kutema ndi zikwanje. Ukanangondiuza ndikanakunyamulira ngolo.

BAMBO: Ilipo mitundu yoposa 100 ya maple. Uwu ndi wa kumadera otentha.

AGOGO: Nanga tizipatso taminga ito?

BAMBO: Ndi mmene umayambira.

AGOGO: Apongozi, mwana wangayu kunjako anamudyetsa chiyani?

MAYI: Mapankeke, amayi.

Madzulo ake bambo anakhoma msomali pathunthu la nsatsi, n'kupachikapo kapu yapulasitiki. Mpaka lero ili pomwepo. Muli kangaude.

Mayi sanayankhulenso. Anangokumba kadzenje chapafupi, n'kuikamo mbande yawo ija, n'kumathirira ndi madzi otsukira mbale. Waya bambo anakana kumanga, ndiye magalagadeya anagwira chomwe chinali pafupi. Pofika dzinja linalo anali atakulunga nsatsi yonse, mpaka inawerama ngati ikupepesa.

BAMBO: Mayi a Tadala! Tabwerani mudzaone chimene chinthu chanu chachita pa maple wanga!

MAYI: Chatani?

BAMBO: Chamukwera. Chamufinya. Chikudyera pamsana pake, masamba ake sakuonekanso. Ndinanena ine. Achimwene anu enieni!

MAYI: Ndikadule?

BAMBO: Juwisi uja wa dzulo watsala?

MAYI: Watsala.

BAMBO: Thirani kaye. Musachulutse madzi.