Thanki ya makorali si mphika wa thelere

Loweruka lapitali mwana wa mlongo wanga anandiimbira foni ali ku Namiwawa, mawu akunjenjemera: "Malume, tabwerani, madzi ayera ngati mkaka." Ndinapita. Thanki ya malita 300, makorali (zamoyo za m'nyanja yamchere zomanga chigoba cholimba ngati mwala) amene anatsikira pa Chileka miyezi itatu yapitayo, ndalama zake zoti n'kulipirira mwana sukulu, ndinawapeza atasupuka. Korali wa mtundu wa Acropora uja ndinkamusirira anangotsala chigoba choyera mbee, mnofu wake ukulendewera m'madzi ngati nsanza. Nditamufunsa chimene wachita, anati anayeza alkalinity (kuchuluka kwa carbonate ndi bicarbonate m'madzi, muyezo wake ndi dKH) n'kupeza 6 dKH, poona kuti yatsika mtima unamuthawa, basi n'kutenga soda wa kukhitchini, theka la kapu, khuthu! Pofuna kukonza, n'kuthiranso calcium pamwamba pake nthawi yomweyo.

Theka la kapu! Ana inu oweta makorali, mwayamba kuphika thelere m'thanki?

Magalamu 3 okha a soda pa malita 100 amakweza alkalinity ndi 1 dKH. Kuti ichoke pa 6 kufika pa 7, thanki yakeyo inkafunika timasupuni ta tiyi tiwiri, osungunula kaye m'madzi oyera, kuthira pang'onopang'ono pamene madzi akuthamanga, mawa n'kuyezanso. Iye anaikankha kuchoka pa 6 kudutsa 16 madzulo amodzi. Ndi chamoyo chiti chingapirire zimenezo? Madzi a m'nyanja yamchere amakhala pafupifupi pa 7 dKH, chaka ndi chaka osasuntha, ndipo korali anazolowera bata limenelo. Kaya mwasankha 8, kaya 9, khalani pomwepo. Osadumpha kuposa 1 dKH pa tsiku. Zimenezi mumazidziwa bwino, n'chifukwa chake zikundipweteka.

Ndipo si mnyamatayu yekha. Wina ku Nyambadwe sayeza n'komwe, akuti amaona ndi maso. Maso anu amaona bicarbonate? Wina zoyezera zake zinatha ntchito kalekale, mabotolo asintha mtundu ali pawindo padzuwa, koma akukhulupirirabe nambala yake. Winanso anagula baking powder m'malo mwa soda, akuti n'chimodzimodzi. Ufa wa makeke m'madzi a makorali! Nanga inu amene madzi akachepa mumangotunga a pampopi n'kuthira, makina osefera madzi a RO ali gone m'katoni, mukufuna kuona chiyani?

Amene amandikwiyitsa kwambiri ndi awa oti anawetapo mbuna za ku Nyanja ya Malawi, ndiye akudziona ngati akatswiri. Mbuna ndi nsomba zolimba, zimakukhululukira. Korali sakhululuka. Iye akumanga chigoba chake usana ndi usiku, akudya carbonate ndi calcium m'madzimo, ndipo akamakula amadyanso zochuluka. Muyezo wa mwezi wa Marichi sungakwane mwezi wa Okutobala. Calcium isungeni pakati pa 400 ndi 450 ppm (mamiligalamu pa lita), magnesium pafupi ndi 1,300. Magnesium ikatsika, mudzathira soda mpaka thumba litha, alkalinity osakhazikika, njereza yokhayokha itamata pa heater ndi m'mapampu. Ndipo calcium ndi soda sathira pamodzi. Mkaka uja ndinaupeza ku Namiwawa unachokera pamenepo.

Magetsi akazima usiku wonse, pampu yothira mankhwala imaima. Akabwera, mumati mubwezere zonse za dzulo kamodzi. Ndani anakuphunzitsani zimenezo? Pa Khirisimasi mumanyamuka kupita kumudzi, n'kumusiyira mlonda mabotolo awiri opanda zolemba, akuti "muzingothirako pang'ono". Pang'ono wake uti? Pobwera mumakalipira munthu wosalakwa.

Kuno kwathu kulibe nyanja yamchere yoti mawa mukatapeko ena. Kanthambi kalikonse kayenda ulendo wautali m'thumba la pulasitiki kuti kafike m'nyumba mwanu, kenako kafe chifukwa munthu waulesi walephera kudontheza timadontho m'kabotolo kwa mphindi zisanu, kawiri pa sabata, n'kulemba m'kope.

Ngati kuyeza kukukulemerani, asiyeni makoraliwo kwawo.