Musamuseke munthu akamathokoza Mulungu pa nsima yake

Ndakwiya abale anga, ndipo ndilemba ndili wokwiya choncho.

Dzulo masana pamsika wa Bangula, dzuwa likuswa mtengo, agogo ena ogulitsa nyika (mizu yodyedwa ya kakombo wa m'madambo) anakhala pamthunzi n'kumasula kambale kawo m'chitenje. Munali mkute wa nsima ya mapira ndi katherere pambali. Asanatseme anaweramitsa mutu, n'kuyamba kuyamika Mulungu m'Chisena, mawu akumveka bwinobwino. Mnyamata wina wa kabaza ali pa njinga yake yamoto anati, "Agogo, zimenezo n'zothokozera? Mulungu wanuyo akanakhala kuti amakumvani bwenzi mukudya nkhuku." Anzake anafa nacho chiseko. Agogo aja sanamuyankhe. Anati Amen, anasamba m'manja, anadya.

Iwe mnyamata, ngati ukuwerenga pano, wandinyansa. Ndipo si iwe wekha, alipo ambiri masiku ano amene akuganiza ngati iwe, kuti munthu azithokoza Mulungu pokhapokha pambale pali nyama. Ayi! Chimene wadya lero, kaya n'chochepa bwanji, wachita kupatsidwa. Wapatsidwa, thokoza. Nkhani yanga ndi imeneyi basi.

Kodi ukudziwa kumene nyikazo zimachokera? Amayi athu amalowa m'madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi, madzi a m'chifuwa, kufufuza m'matope ndi manja, ng'ona zili momwemo. Ena analowa osatulukanso, maliro ake tinaika ndife. Ndiye munthu walowa m'madzi amenewo, watuluka ndi miyendo yake yonse iwiri, wafika pamsika, wagulitsa, wapeza choika m'kamwa, iwe n'kumamufunsa kuti akuthokoza chiyani? Akuthokoza kuti ali moyo. Akuthokoza kuti lero adya. Ukufuna chinanso chiyani?

Ambuye Yesu pophunzitsa ophunzira ake kupemphera, pa Mateyu 6, anati tizinena kuti, "Mutipatse ife lero chakudya chathu chalero." Sanatiuze kuti tizipempha nkhokwe ya zaka zitatu. Ana a Israele m'chipululu ankatola mana a tsiku limodzi, ndipo amene anabisa ena kuti adye mawa anawapeza atagwa mphutsi, akununkha. Werengani Eksodo 16, zili momwemo. Mulungu anafuna kuti m'mawa uliwonse munthu azidzuka akudziwa amene akumudyetsa. Agogo aja phunziro limeneli analimva kalekale. Ife amene tili ndi mafoni odzadza ndi mavesi ndi amene tikulephera.

Ndipo zimandipweteka kwambiri kuti mwano woterewu ukutuluka pakamwa pa mwana wa kuno kuchigwa. Wa kuno! Akanakhala wa ku Area 10 ku Lilongwe ndikanati sadziwa. Koma ife a ku Nsanje ndi ku Chikwawa tinaona ndi maso athu kuti chimene uli nacho madzulo, m'mawa ukhoza kudzuka ulibe. Mu Januwale 2015 anthu a ku Makhanga anagona m'mitengo, asilikali n'kumawatola pa maboti ndi pa ndege. Mu 2019 kunabwera namondwe Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula malo opangira magetsi ku Kapichira, magetsi n'kumazimazima dziko lonse miyezi ndi miyezi. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatenga anthu mazanamazana, minda, mbuzi, ng'ombe, milatho. Tisanapume n'komwe, 2024 mvula inadula, mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Zoti mitengo inatha kumapiri ndi zoti nyengo yasintha tonse tikuzidziwa, sindikhalitsapo. Chimene ndikunena n'chakuti m'misasa muja, m'makalasi a sukulu momwe tinkagona mothithikana, munalibe wolemera. Wa khola la ng'ombe ndi wa ganyu anafola mzere umodzi, kambale m'manja, kudikira phala. Nthawi imene ija aliyense ankadziwa kupemphera. Usiku wonse nyimbo, usiku wonse "Ambuye tichitireni chifundo." Madzi aphwa, thumba layamba kulemera pang'ono, taiwala. Lero tikuseka wopemphera.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Njinga ikukupatsa matamayo, mwina ndi yangongole. Mafuta akasowa pa filing'i siteshoni sabata imodzi yokha, umadya chiyani? Shire akadzadza n'kudula msewu, umanyamula ndani? Mphamvu zimene umadzuka nazo m'mawa unazigula kuti? Makasitomala amene amakuimitsa pamsewu unawalenga ndiwe? Zonsezo wapatsidwa, mwana iwe. Wapatsidwa ngati mmene agogo aja anapatsidwira mkute wawo. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo akudziwa, iwe sukudziwa.

Ena mubwera pansipa kudzandiuza kuti kupemphera ndi ulesi, kuti Amalawi tasauka chifukwa chogwada m'malo mogwira ntchito. Musanditopetse. Ndani waulesi pamenepa? Mayi amene amadzuka tambala asanalire kupita kudimba, kutentha kwa mu Okutobala kopitirira madigiri 40 kuli pamsana pake? Bambo amene amadula nzimbe ku Nchalo, thupi lonse lakuda ndi mwaye? Msodzi amene amagona m'bwato pakati pa mvuu kusaka mlamba ndi makakana? Amenewa ndi amene ndimawaona akupemphera asanadye. Amalima, amabzala, amapalira, koma amadziwa kuti khasu siligwetsa mvula. Ukhoza kubzala mapira ako bwinobwino, mbalame n'kukutherera. Ukhoza kusamalira thonje chaka chonse, mtengo wake n'kugwa. Wolima weniweni sanyada, chifukwa waona zambiri. Amagwira ntchito ndi manja awiri, akakolola n'kunena kuti zikomo Ambuye. Palibe ulesi pamenepo.

Akhate khumi anachiritsidwa pa Luka 17, wobwerera kudzathokoza anali mmodzi yekha, ndipo Yesu anafunsa kuti asanu ndi anayi aja ali kuti. Funso limenelo lidakalipo, ndipo likufunsa ife. Timapempha zambiri. Mapemphero athu akhala ngati mndandanda wopita nawo ku golosale: ndipatseni ichi, ndipatseni icho, galimoto, visa, mwamuna wa ndalama. Koma nsima ikafika patebulo, dzanja lili kale m'mbale, diso lili pa foni. Ana athu akukula osamvapo bambo awo akunena kuti tiyeni tipemphere. Ndiye tidabwe chiyani akamakaseka nkhalamba pamsika? Thokozani pa chimene chilipo. Kaya ndi nyika, kaya ndi mango owiritsa, kaya ndi phala lopanda shuga, thokozani. Ngati simufuna kuthokoza, tsekani pakamwa mnzanu akamathokoza.

Ndipo inu aneneri a masiku ano, mlandu uwu ukukukhudzani, musathawe. Ndinu amene mwaphunzitsa ana awa kuti Mulungu amaoneka ndi galimoto ndi suti. Mumabwera kuno kuchigwa ndi zokuzira mawu zanu nthawi yokolola thonje, ndalama zikamayenda, kudzagulitsa timabotolo ta mafuta ndi madzi kwa anthu amene alibe ndi sopo yemwe. Mayi wamasiye mukumuuza kuti afese mbewu, agulitse mbuzi yake yomaliza, akapanda kulemera mukuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Chochepa? Munthu amene wakwirira ana, madzi amukokolera nyumba kawiri konse, koma Lamulungu lililonse ali kutsogolo kuimba, inu mukuti chikhulupiriro chake n'chochepa? Mulibe manyazi? Mkazi wamasiye wa ku Zarefati Mulungu sanamupatse nyumba yosanja, anangoona kuti ufa usathe m'mbiya ndi mafuta asathe m'nsupa mpaka njala itadutsa, ndipo zimenezo simulalikira chifukwa sizibweretsa chopereka. Madzi atasefukira tinakusakani m'misasa, sitinakuoneni. Tinaona azibusa athu a kumudzi omwewa, oyenda pa njinga zakapalasa, matope mpaka m'mawondo. Inu mafoni anu anali otseka.