Lekani Kufukula Akatswiri a Mafilimu M'manda ndi Nkhani za M'maluwa

Loweruka lapitali ndinachezera pamaliro a m'bale wathu, ndipo zimene ndinaona usiku umenewo zandikhala pamtima sabata yonse. Amayi anali m'siwa akuimba, ife amuna tili panja titazungulira moto, pamene cha m'ma 11 koloko kunamveka chiphwete cha kuseka kumbali kwa anyamata. Nditapita kukaona chimene chinali kuseketsa anthu pafupi ndi bokosi la maliro, ndinapeza mwana wa mlongo wanga, munthu wa digiri yake, atagwira foni, anzake asanu atamuunjirira ngati ntchentche pa bango lakupsa. Pafoniyo pankadutsa zithunzi zakale zopanda mitundu, kwinaku mawu ozizira a kompyuta akufotokoza m'Chingerezi kuti mayi wina wa mafilimu a ku Hollywood, dzina lake Clara Bow, anagona ndi timu yonse ya mpira ya pa yunivesite usiku umodzi. Nditamufunsa ngati akumudziwa mayiyo, anandiyankha mosachita manyazi kuti, "Amalume, sindimudziwa, koma utsi sufuka popanda moto." Kutacha ndinaipeza kanemayo pa gulu lathu la banja pa WhatsApp, itakhala pakati pa ndondomeko ya mwambo wa maliro ndi mndandanda wa amene apereka chipepeso.

Kodi tafika pamenepa? Munthu sukumudziwa, filimu yake ngakhale imodzi sunaionepo, anamwalira mu 1965 mayi ako asanabadwe, koma uli ndi mphamvu zogula bandulo kuti umuvule pamaso pa abale ako onse, kuphatikizapo apongozi ndi ana a sukulu amene ali pagulupo?

Popeza mumakonda mwambi wa utsi, ndikuuzeni amene anasonkha moto wake. Nkhani ya timu ya mpirayo inafala ndi buku la Kenneth Anger lotchedwa Hollywood Babylon, limene linatuluka koyamba ku France mu 1959, ndipo David Stenn, amene analemba mbiri ya moyo wa Clara Bow mu 1988, anaifufuza napeza kuti ndi bodza. Mayiyu akali moyo, mu 1931, mkulu wina wa kanyuzipepala kotchedwa Coast Reporter, Frederic Girnau, anamulembera zonyansa zimene sindingazibwereze pano, ndipo anakaseweza kundende chifukwa cha zolembazo. Girnau anamangidwa, koma Clara Bow anadwala maganizo chaka chomwecho mpaka kugonekedwa m'chipatala, ndipo pofika mu 1933 anali atasiyiratu mafilimu ali ndi zaka 28 zokha. Bodza limene linatsutsidwa kalekale inu mwalitola lero, mwalipukuta fumbi, mukuligawa ngati nsima ya pamaliro.

Nanga Roscoe Arbuckle, wanthabwala wonenepa uja amene anthu ankamutcha Fatty? Mu September 1921 mtsikana wina wa mafilimu, Virginia Rappe, anadwala paphwando mu hotela ya St. Francis ku San Francisco namwalira patapita masiku anayi. Nyuzipepala za William Randolph Hearst zinamuweruza Arbuckle mlandu usanalowe n'komwe m'khoti, ndipo mtsikana womwalirayo nayenso sanasiyidwe, mbiri yake anaigubuduza m'matope. Mlandu unazengedwa katatu. Kachitatuko, mu April 1922, anthu othandiza kugamula mlandu anamupeza wosalakwa m'mphindi zowerengeka, nalembanso chikalata chonena kuti munthuyu anachitiridwa chosalungama chachikulu. Kodi chikalatacho chinamubwezera chiyani? Mafilimu ake analetsedwa, anayamba kugwira ntchito mobisala ndi dzina lakuti William Goodrich, namwalira mu 1933 ali ndi zaka 46. Lero kakanema ka mphindi zitatu kakumutchulabe chigawenga, ndipo inu mukuvomereza ndi mutu ngati munali m'chipindamo.

Imene imandiwawa koposa ndi ya Jean Seberg, ndipo ndikufuna amene munaseka usiku uja muiwerenge pang'onopang'ono. Mayiyu anali wa ku Marshalltown, m'chigawo cha Iowa, koma anatchuka kwambiri ndi mafilimu a ku France. Chifukwa chakuti ankapereka ndalama ku gulu la Black Panther, lomwe linkamenyera ufulu wa anthu akuda, bungwe la apolisi ofufuza a boma la America la FBI pansi pa mkulu wake J. Edgar Hoover linakonza zomuipitsira mbiri. Mu 1970, iye ali woyembekezera, linapeka mphekesera yakuti pathupipo si pa mwamuna wake Romain Gary koma pa mmodzi wa akuluakulu a gululo, podziwa bwino mmene tsankho la nthawi imeneyo likanailandirira nkhani yotere. Wolemba miseche wa Los Angeles Times, Joyce Haber, anaiponya mophiphiritsa osatchula dzina, kenako magazini ya Newsweek inatchula dzina lenileni. Mu August chaka chomwecho Seberg anachira masiku asanakwane, ndipo mwana wamkaziyo anangokhala masiku awiri. Pamaliro ake ku Marshalltown bokosi analisiya chotsegula kuti anthu aone okha khungu la khandalo. Tangoganizani mayi amene wangotaya mwana, m'malo molira m'siwa ngati mmene ankalirira amayi athu Loweruka lija, akuonetsa mtembo wa mwana wake kwa anthu amijedo kuti atseke pakamwa. Mu 1979 anamupeza atamwalira m'galimoto yake ku Paris ali ndi zaka 40, ndipo patangopita masiku ochepa FBI inavomera kuti mphekeserayo inachokera kwa iwo. Utsi unafuka ndithu. Nanga moto wake anasonkha ndani, mayiyo kapena anthu a m'maofesi ovala mataye?

Musaganize kuti zinali ngozi. Miseche ku Hollywood inali malonda, yokhala ndi maofesi, olemba ntchito ndi malipiro. Olemba miseche m'nyuzipepala Louella Parsons ndi Hedda Hopper anadyera m'menemo zaka zambirimbiri, ndipo akatswiri ankawanyengerera ndi mphatso poopa cholembera chawo. Magazini ya Confidential, imene Robert Harrison anayambitsa mu 1952, inkalipira antchito a m'mahotela, apolisi ndi aliyense wokhala ndi khutu lalitali kuti abweretse manong'onong'o. Mu 1957 inalemba kuti Maureen O'Hara anagwidwa akuchita zachisembwere ndi mwamuna pamipando ya kumbuyo m'nyumba ya kanema ya Grauman's Chinese Theatre, mpaka kutchula mzere wa mipando, ndipo mayiyo anangotulutsa pasipoti yake yokhala ndi zidindo zosonyeza kuti nthawi imene ankanenayo iye anali kunja kwa America. Dorothy Dandridge anaisumira magazini yomweyo nalandira chipukuta misozi. Nawonso makampani a mafilimu ankapeka zibwenzi dala, kutumiza mnyamata ndi mtsikana kumalo odyera pamodzi ndi wojambula zithunzi kuti filimu yatsopano igulidwe. Ndiye chithunzi chimene inu mukulozerana kuti "taonani mmene akuyang'anirana", simukudziwa kuti anthuwo anali pa ntchito, ndipo kumwetulirako kunali ndi malipiro ake?

Ndikudziwa kuti ena mwakonzeka kale kundiyankha kuti zina zinali zoona, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Inde, zina zinali zoona. Elizabeth Taylor ndi Richard Burton anapalana chibwenzi ku Rome akujambula filimu ya Cleopatra aliyense ali pabanja, ndipo nkhaniyo sinabisike. Ingrid Bergman anabereka mwana wa Roberto Rossellini mu 1950 ukwati wake woyamba usanathe. Koma taonani chimene khamu linachita nacho choonadicho. Phungu wa nyumba ya Senate, Edwin Johnson wa ku Colorado, anaimirira m'nyumba ya malamulo ya dziko lalikulu ngati America n'kumunyoza mayiyu ngati ndiye gwero la zoipa zonse, ndipo panapita zaka 22 kuti phungu wina, Charles Percy, apepese m'nyumba yomweyo mu 1972. Ngati aphungu anafika pochita manyazi ndi mawu awo, inu a m'chaka chino, amene simunali ankhoswe a ukwatiwo, mwalowamo ngati ndani? Mwana wamkazi wa Bergman, amene anatsala ndi bambo ake ali wamng'ono, mukuganiza kuti nkhaniyi inkamuseketsa? Marilyn Monroe anamwalira mu 1962 ali ndi zaka 36, koma mpaka lero chaka sichitha asanapatsidwe chibwenzi chatsopano ndi anthu odziwa kuti wakufa sasuma. Lucille Ball ndi Desi Arnaz anaseketsa mabanja pa wailesi yakanema kuyambira mu 1951, ukwati wawo unatha mu 1960, onse awiri anapita kalekale, koma inu mukuwerengabe zolakwa za m'chipinda chawo ngati mudzafunsidwa pa mayeso.

Ife a kale sitinali angelo, ndivomere. Tinkaduladula zithunzi za akatswiriwa m'magazini n'kumata pakhoma, ndipo a bungwe loona za mafilimu akadula malo opsompsonana tinkakuwa m'holo monse. Koma munthu akabwera ndi nkhani ya chigololo cha mnzake, akuluakulu ankamufunsa funso limodzi lokha: unaona ndi maso ako? Lero mukukhulupirira mawu a makina amene alibe nkhope, alibe mudzi, alibe mfumu, opangidwa ndi munthu amene amalandira ndalama nthawi iliyonse imene inu mwatsegula kanema wake. Iye akudya, inu bandulo ikutha, ndipo mwina zithunzi zina mwa zimene mukuonazo n'zopangidwa ndi kompyuta yomweyo.

Ndipo musandiuze kuti ndi azungu akutali, palibe amene akupwetekeka. Pakamwa pozolowera kutafuna akufa a ku California sipadzasiya amoyo a pamudzi pano. Si gulu lomweli la banja limene chaka chatha linafalitsa za mayi wamasiye uja ndi mkulu wa kwaya, mayiyo mpaka kusiya kupita kutchalitchi miyezi itatu, pamapeto pake n'kupezeka kuti chithunzicho chinajambulidwa pa msonkhano wa mpingo pali anthu ena khumi amene wina anawadula? Ndani mwa inu anapita kukapepesa? Amene anatumiza chithunzi chija ndi amene anaikanso tizithunzi toseka pansi pa kanema wa Clara Bow, ndinawaona ndi maso angawa. Mukuyembekeza kuti mpaka wina adzatengedwe ndi apolisi pa lamulo la 2016 la za pa intaneti, kapena banja la mwana wanu lidzathe ndi uthenga wopanda mwini, ndiye mudzayambe kufunsa kumene nkhani yachokera?

Fufutani zonyansazo pagulu la banja lero lomwe. Ndipo iwe mwana wa mlongo wanga, ndikudziwa kuti uwerenga izi: tsiku lina ukadzabwera pamaliro, foniyo udzaisiye m'thumba, udzatole nkhuni usonkhezere moto ngati anzako.