"Muzingobwera muzidzatithandiza": maganizo anga pa ntchito zopanda kalata

Pali mawu amene amangirira achinyamata ambiri pamalo amodzi kuno ku Salima: "Muzingobwera muzidzatithandiza, mpata ukapezeka tidzayamba kuganizira inuyo." Wonena mawuwa nthawi zambiri sakhala munthu woipa ayi. Amakhala bwana wachifundo ndithu, mwina mnzawo wa bambo anu kutchalitchi kapena kumzikiti. Koma chifundo chakecho chimatha kukudyerani zaka zitatu, n'kutuluka mu ofesimo opanda ngakhale kapepala kosonyeza kuti munakhalamo.

Chifukwa chimene timavomerera n'chodziwika. Maofesi kuno ndi owerengeka: kukhonsolo, kuchipatala, mabanki a pa Kamuzu Road, mabungwe angapo, mahotela a ku Senga Bay, fakitale ya shuga, basi. Anzathu a ku Nkhotakota maso amakhala ku Dwangwa. Ntchito ikalengezedwa mu Nation kapena mu Daily Times, pansi pake pamakhala mzere uja woti akufuna munthu amene wagwirapo ntchito yotere zaka ziwiri kapena zitatu. Nanga wongomaliza kumene sukulu zakazo azitenga kuti? Kukasaka mwayi ku Lilongwe nako si kwapafupi, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo thiransipoti yake yopita ndi kubwera, kuphatikiza yosindikizira ma CV, imaposa zimene mayi amapindula pa dengu la usipa. Ndiye wina akati bwera uzidzathandiza, umathokoza mpaka kugwada.

Mukafuna kuwaona anthu amenewa pitani pa wekishopu iliyonse kunyanja. Mabwana atsika m'magalimoto ochokera ku likulu, alowa mu holo. Pakhomo pali katebulo, pakatebulopo pali mtsikana wovala bwino, wagwira pepala losainira. Ndi iyeyo akugawa makope ndi zolembera, ndi iyeyo akunyamula mabotolo a madzi, pulojekita ikavuta onse akutembenukira kwa iye. Tsiku lomaliza akuitana maina mmodzimmodzi kuti anthu asainire alawansi, koma lake palibepo, kapena lili kumunsi kwenikweni pa ndalama ya nkhomaliro. Madzulo akwera kabaza kubwerera kwawo, ndipo anthu a m'mudzi akuti mwana wa uje anapeza ntchito yapamwamba.

Chimene ambiri sauzidwa n'chakuti bwana amene walonjezayo kawirikawiri alibe mphamvu yolemba munthu ntchito. M'boma, mipando yambiri yokhazikika imadzera ku Civil Service Commission, ya m'makhonsolo ku Local Government Service Commission, ndipo azaumoyo ndi aphunzitsi ali ndi makomishoni awoawo. M'mabungwe ambiri namonso ntchito imalengezedwa kuchokera ku ofesi yaikulu ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo osankha maina a oti abwere ku intavyu sakudziwani nkhope. Amaona mapepala. Sadziwa kuti ndinu amene mumatsegula mawindo m'mawa uliwonse. Mapeto ake pamabwera munthu wochokera kutali ali ndi dipuloma yake, inu n'kuuzidwa kuti mumuonetse mmene mafayilo amakhalira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Sindikunena kuti mukane kupita. Kukhala pakhomo n'kowawa, ndipo mu ofesi mumamveka nkhani za ntchito zisanafike m'nyuzi. Pitani, koma sabata yoyamba yomweyo pemphani kalata. Palibe mwano ponena kuti, "Bwana, ndathokoza kwambiri mwayiwu, koma ndimapempha ngati mungandilembereko kakalata kosonyeza tsiku limene ndayamba, ntchito imene ndizigwira, ndi nthawi imene ndikhale kuno." Bwana wa zolinga zabwino sangakwiye nazo zimenezi. Amene wakwiya wakuuzani kale zonse zofunika kudziwa.

Ngakhale lamulo silifuna kuti munthu azingoyesedwa mpaka kalekale. Employment Act ya chaka cha 2000 imati nthawi yoyesedwa pa ntchito ya luso isapitirire miyezi 12, komanso kuti wantchito akamachoka ali ndi ufulu wopempha satifiketi yonena nthawi imene wagwira ndi udindo umene anali nawo. Wolembedwa ntchito mwadongosolo amasungiridwanso penshoni, bwana kuikapo 10 peresenti ya malipiro, mwiniwake 5 peresenti. Wongothandiza zonsezi zimamudutsa, ndipo tsiku limene angakadandaule ku ofesi ya leba, funso loyamba lidzakhala lakuti kalata yanu ili kuti. N'chifukwa chake pulogalamu ya boma yotumiza omaliza maphunziro a ukachenjede m'maofesi, imene inayamba mu 2018, ndimaiona kuti ndi yabwinoko ngakhale ili ndi zovuta zake: dzina lako limakhala m'kaundula, ndipo nthawi yake imadziwika poyambira ndi pothera.

Tsono mukalowa, musakhutire ndi makina a fotokope. Palibe amene adzakulembeni ntchito chifukwa choti mumatha kuchotsa pepala likakodwa. Kokerani mpando pafupi ndi akauntanti, muone mmene amalembera vocha, mmene amalondolozera ndalama zimene zapita ku wekishopu kuti malisiti agwirizane ndi zimene zinatuluka. Pamsonkhano dziperekeni kulemba maminitsi, ntchito imene aliyense amaithawa, chifukwa wolemba maminitsi ndi amene amayamba kumvetsa mmene ofesi imaganizira. Kompyuta ikakhala yopanda munthu nthawi ya nkhomaliro, tsegulani Excel m'malo mwa Facebook. Pa intavyu, kunena kuti ndinkathandiza mu ofesi n'kosiyana kwambiri ndi kunena kuti lipoti la mwezi ndi mwezi ndinkalemba ndine.

Pepala la sukulu nalo musalisiye. MSCE yokha masiku ano siifika patali mu ofesi. Amene mumakonda za ndalama alipo mayeso a bungwe la maakauntanti la ICAM, amene munthu amatha kulemba uku akugwira ntchito, ndipo Salima Technical College tili nayo pompano. Ndipo dziikireni malire nokha. Kwa ine miyezi isanu ndi umodzi ndi yokwanira, chaka ndiye chapitirira. Mukaona kuti palibe chatsopano chimene mukuphunzira, tsanzikani mwaulemu, tengani kalata yanu mukayese kwina.

Apa ndingodutsapo: wina akakuimbirani foni kuti dzina lanu latuluka koma mutumize kaye ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti fayilo yanu iyende, ameneyo ndi wakuba. Dulani foniyo.

Makolo nanunso mumatilakwitsa nthawi zina. Mwana akati akufuna kusiya, mumati akhale, bola akuoneka kuti akupita kuntchito, pamene ndalama ya kabaza ndi sopo wochapira malaya oyerawo zikuchokabe m'thumba mwanu. Mufunseni mwanayo kuti mwezi uno waphunzira chiyani.

Ndipo inu mabwana amene muli ndi achinyamata oterewa m'maofesi mwanu, tikudziwa kuti mipando simupanga ndinu. Koma auzeni zoona kuti kulemba ntchito sikuli m'manja mwanu, ndipo ntchito ikalengezedwa kwina atumizireni pa WhatsApp. Kalata yomwe tikunenayi ndi tsamba limodzi lokha, siginecha yanu ndi chidindo cha ofesi. Ngati nthawi yakuchepera, mwanayo akhoza kuitaipa yekha, inu mungosaina.