Ana aziphunziranso mmene zamoyo za m'nkhalango zimawerengedwera

Mwana akaloweza pamtima kuti nkhalango zowirira za m'madera otentha a mvula yambiri zili ndi zamoyo zamitundumitundu, mayeso amakhoza ndithu. Koma mumufunse kuti anawerenga ndani, nanga anawerenga bwanji, amangoti kakasi. Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa phunziro lenileni lagona pa funso limeneli.

Taonani za pachilumba cha Barro Colorado ku Panama. Mu 1980 akatswiri anapatula malo a mahekitala 50. Mtengo uliwonse womwe thunthu lake lafika sentimita imodzi kunenepa kwake, poyeza pa mamita 1.3 kuchokera pansi, amaupatsa kachitsulo ka nambala, kuulemba pamapu ndi kuzindikira mtundu wake. Pakatha zaka zisanu amabwereranso kukaona womwe wakula, womwe wafa ndi womwe wangomera. Anapezamo mitundu pafupifupi 300. Ku Yasuní, m'dziko la Ecuador, njira yomweyi inapeza mitundu yoposa 1,000 pa mahekitala 25 okha. Malo awiriwa tingawayerekeze chifukwa muyeso wake ndi umodzi, ndipo mwana ayenera kuimvetsa mfundo imeneyi.

Kuwerenga mitundu kokha sikukwanira. Tiyerekeze malo awiri, alionse ali ndi mitengo 100 ya mitundu 10. Pamalo oyamba mtundu uliwonse uli ndi mitengo 10. Pamalo achiwiri mtundu umodzi uli ndi mitengo 91, ina yotsalayo umodziumodzi. Kodi malowa ndi ofanana? Ayi. Mphepo yamkuntho itagwetsa mitengo ingapo pamalo achiwiriwo, mitundu ina ikhoza kutheratu. Pali masamu otchedwa a Shannon ndi a Simpson omwe amayeza kusiyana kumeneku, koma aphunzitsi, chonde, musayambe ndi masamuwo pabolodi. Ana ayambe aona vutolo ndi maso awo.

Tiziwauzanso nkhani ya Terry Erwin, katswiri wofufuza za tizilombo. Iye anapopera mankhwala pamwamba pa mitengo ya mtundu umodzi ku Panama, n'kutolera zikumbu zomwe zinkagwa pansi. Mu 1982, potengera zomwe anapezazo, ananena kuti m'nkhalango zoterezi mungakhale mitundu ya tizilombo yokwana 30 miliyoni. Anzake anatsutsa, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake anatsitsa kwambiri chiwerengerocho. Mwana akamva zimenezi amadziwa kusiyanitsa chomwe chawerengedwa ndi chomwe changoyerekezeredwa.

Ana angayese okha kuwerengaku, ndipo zida zake n'zosavuta: chingwe, zikhomo, tepi yoyezera ndi kope. Anawo akhome zikhomo pamalo a mitengo kapena udzu, agawe timagawo tofanana, kenako azilemba mitundu yatsopano yomwe akuipeza pa kagawo kalikonse. Poyamba yatsopano imachuluka, kenako imayamba kusowa. Adzifunse okha ngati awerenga mokwanira kapena afunika timagawo tina. M'nkhalango ngati ya Yasuní, ngakhale mutawonjezera timagawo tambirimbiri, mitundu yatsopano imangotulukirabe.